Zingwe za Kumutu kwa Bedi

"Faniyo isiye pomwepo," anatero amayi, osatembenuka n'komwe.

Mwana wawo wamkulu, mphunzitsi wosazolowera kutsutsidwa, anali ataizula kale pamagetsi. Maliro a bambo ake anali atangotha, alendo atabalalika, ndipo iye anali atagamula mlandu yekha: amayi alongedze, akakhale kwake. Mng'ono wake ankangopinda mabulangete, maso pansi, kuopa kuitanidwa umboni.

"Mutsala ndi ndani muno, amayi?" anafunsa mphunzitsiyo. "Zaka zonsezi simunalawe tulo teniteni."

"Wakuuza ndani kuti ndatopa?"

Chigwereni padenga lomwe ankakhoma n'kuthyoka msana, thupi la bambowo linali ndi nyengo zakezake. Dzuwa likuswa mtengo, iwo ankadandaula kuti miyendo ili m'firiji, miyendo yomweyo yosamva ngakhale kutsina. Kunja kukazizira, thukuta kamukamu kuyambira m'mapewa kukwera. Ankagona fani kumutu, mabulangete kumiyendo, n'kumadzitama kuti amakhala mayiko awiri opanda pasipoti. Tulo ndiye tinawakana. Tinkangowabera masana, pakati pa nkhani yomwe ayiyamba okha.

"Mukukumbukira, achemwali?" anatero wamng'onoyo. "Bambo ananditumapo bulangete, pobwera nalo n'kundikalipira kuti ndikufuna kuwaphika."

Anaseka onse, koma mphunzitsi anafulumira kubweza nkhope. Ankawopadi kusiya amayi ake okha m'chipinda chimenecho.

Pakhomo panamveka odi. Anali dalaivala wa basi wa nyumba yoyandikana nayo, mabatani a shati atamangidwa mophonya.

"Pepani mayi, ndikudziwa mudakali pachisoni. Koma lero ndachedwanso, ndipo abwana akuti ndikabwereza ndisiye makiyi. Mayi wogulitsa buledi uja nayenso watsegula sitolo dzuwa litakwera."

"Nanga ife zikutikhudza pati?" anafunsa mphunzitsi. "Gulani wotchi."

"Wotchi ndimaizimitsa ndili m'tulo, mlongo. Bambo anu sankazimitsika."

Amayi anagwira pakamwa. "Kalanga ine, ndinaiwaliratu!"

Anachotsa pilo. Kumutu kwa bedi kunali zingwe zitatu zomangidwa pamsomali, chilichonse ndi kansanza ka mtundu wake, zonse zotulukira pampata wa windo. Anawo, poti amakhala kutali, ankayesa n'zoyanikira zovala.

"Ichi n'cha adalaivala, ichi cha mayi wa buledi, ichi cha namwino wa kuseriku," anatero amayi. "Uko zikukathera kuli zitini. Bambo anu ankati poti tulo tawo tinathawa, bola azilondera ta anzawo. Aliyense ankamudzutsa pa nthawi yake, osaleka kukoka mpaka ayankhe. Manja akalema ndinkawakokera ndine. Ndiye iwe ukanditenga, msewu wonse uno uchotsedwa ntchito."

"Amayi, zoona mukanire kuno chifukwa cha zitini?" anafunsa mphunzitsi.

Koma wamng'ono uja, manja ake osamva, anali atakoka kale chingwe chofiira. Kuseri kwa mpanda kunamveka kwekwerekwekwere, kenako mawu a namwino, yemwe ankagona masana atachoka kuntchito ya usiku.

"Ndadzuka, bambo! Ndadzuka, musakokenso!"

Kenako kunangoti zii. Kuseriko nayenso anali atakumbukira kuti bambowo kulibenso.

Mphunzitsi anaseka mpaka misozi, ndipo kuseka kutatha misoziyo sinaleke. Anakhala pabedi, n'kukulunga chingwecho pachala.

"Mawa mundidzutse, amayi," anatero. "Ndikoke ndine."