Kache ka Mufoni

Wokonza mafoni anali akusanthula kale foni ija pamene Mayi Singano, telala wa shopu yoyandikana naye, anakoka benchi n'kukhala. Foniyo inali ya amuna awo, dalaivala wa thiraki. Anawasiyira m'mawa kuti akaikonzetse, ati ikukwawa ngati nkhono.

"Palibe chawonongeka, kwangodzaza apa," anatero wokonzayo, akuloza mawu akuti cache.

Mayi anawerama n'kuwerenga. "Kache? Iii, mafoni ayamba kuyankhula ngati nkhalamba? M'malo moti kake, akuti kache! Nanga kache kandani?"

Wokonzayo anaseka mpaka kutsokomola. "Ayi mayi, amati kashi, monga timatchulira ndalama. Koma si ndalama ayi. Ndi kankhokwe kobisika. Foni imasungamo tizidutswa ta zimene yaona kuti mawa zitseguke msanga. Chithunzi mutha kufufuta, koma kamthunzi kake kamatsalira."

"Ngati tinsalu timagwera pansi pa makina anga?"

"Eya, basi. Ndisese?"

"Taimani, ndione kaye zinyalalazo. Bambowa amajambula matayala okhaokha."

Tizithunzi tinatseguka, ting'onoting'ono. Matayala analipodi, ndipo mayi anaseka. Kenaka panabwera mkazi wachilendo ali gone pabedi la kuchipatala. Kenaka amuna awo atanyamula khanda, mano onse pamtunda. Kuseka kuja kunathera pomwepo.

"Mwina ndi wa mnzawo," wokonzayo anang'ung'udza.

"Kulitsani chithunzi chinacho!"

Kanali kamnyamata koyamba kumene kuyenda, kali pamiyendo pa bambowo. Makutu ake, mayo ine, a bambo enieni! Kanavala kamalaya kabuluu ka mabatani ofiira. Kamalayako mayi anasoka okha ndi manja awo, osalipiritsa, bambo atawauza kuti n'ka mwana wa mnzawo wa kuntchito.

Mayi anagwira pakamwa. Zaka zonsezi za banja lopanda mwana, bambo yemweyu ndi amene ankawapukuta misozi, amvekere, "Tidikire nthawi ya Mulungu, mkazi wanga." Chikhalirecho iwo nthawi yawo inakwana kalekale.

"Pepani mayi, sindimadziwa. Ndifufute?"

"Musakhudze."

Mayi anatenga foniyo n'kukakhoma loko pashopu yawo dzuwa lili paliwombo. Podutsanso pakhomo la wokonza uja anaima pang'ono.

"Inu muzitchula kashi mmene munaphunzirira, achimwene. Ine ndinawerenga bwino. Ndi kache."