Bokosi Lokhomeratu

Felton anawaona komaliza ali moyo achimwene ake, a Lemson, pa mlatho wa Lilongwe. A Lemson anali pamwamba pa lole yonyamula amisiri omanga maofesi a boma ku Capital Hill, akumukuwira kuti, "Aphunzitsi osamaliza, mukatigulire utaka!" Chisiyireni koleji, dzina lake linali limenelo.

Tsiku lomwelo kapitawo wachizungu wochokera ku Joni anamenya mbama mmisiri wina chifukwa chomwa madzi pa mpopi wa mabwana. A Lemson anamugwira mkono mzunguyo. Kugwira kokha basi. Madzulo apolisi anafika kwawo ku Mchesi nkuwatenga a Lemson, ndipo aneba anati sanafunse njira kwa aliyense. Anangolunjika pakhomo ngati wina anawalozeratu.

Sabata isanathe kunabwera bokosi lokhomeratu misomali.

"Malungo," anatero wapolisi. "Osatsegula. Ndi opatsirana."

Malungo opatsirana! Felton analuma mlomo. Apolisiwo anapita, koma anatsala amuna awiri a majekete amene palibe ankawadziwa. Anakhala pakhonde moyang'ana chitseko, akung'ung'udza nyimbo za maliro zomwe mawu ake sankawadziwa. Anthu ankalira motsitsa, aliyense akumuba ndi diso mnzake.

Felton ankangofuna kuona nkhope. Munthu angaikidwe bwanji abale ake osamuona? Anawakokera kuseri kwa bafa amalume ake, a Bauleni, omwe anali mlonda ku Area 12, kunyumba ya kapitawo yemwe uja.

"Malume, titsegule bokosi."

"Mphwanga, sukulu inakulaka. Ukufuna uyesenso ndende?"

"Nanga nyumba ino apolisi anawalozera ndani?"

A Bauleni anamuyang'ana nthawi yaitali. "Kawafunse eni ake. Si awo akhala pakhondewo?"

M'mawa wa tsiku loika, a Bauleni anathyola nthambi za mkesha zoika pamsewu, kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Koma sanaziike pa kanjira ka kunyumbako monga achitira anthu. Anazinyamula mpaka kumsewu waukulu, nkuziyala modutsa msewu wonse. Felton anawatsatira ndi maso. Kodi chinali chizindikiro? Akuitana ndani?

Apanjinga ankatsika nkumakankha. Malole a mchenga ankayenda pang'onopang'ono, madalaivala atavula zipewa. Amisiri anzawo a Lemson, omwe anathawa ntchito kudzaika mnzawo, anakhala m'mbali mwa msewu, chete.

Dzuwa lili paliwombo inatulukira galimoto yoyera ya kapitawo. Sinachepetse liwiro ngakhale pang'ono. Masamba anauluka, fumbi linakuta amayi obwera ndi madzi, wina nkugwetsa ndowa.

"Pamaliro? Pamaliro a munthu amene wamupha yekha?" anakuwa mmodzi wa amisiri aja.

Mwala woyamba unaswa galasi lakumbuyo. Galimotoyo inalowa m'ngalande, mzunguyo nkutuluka ali liwiro, khamu lili pambuyo. Mkokomo unatsikira kumsika. Kunamveka kuti amwenye akutseka masitolo, kuti lole ina yayatsidwa, kuti utsi wokhetsa misozi wafika ku depoti. Amuna a majekete aja anadzambatuka, wina akutulutsa wezulo m'thumba, nkuthamangira kumsewu.

M'nyumba munatsala Naphiri, mkazi wa malemu, ndi bokosi. Felton ataima pakhomo, a Bauleni anamukankhira mkati, nkutseka chitseko, nkusolola nyundo m'malaya.

"Fulumira. Bwana wangayo ndimamudziwa. Amadutsa apa masana alionse, ndipo masamba sawaona."

Felton analandira nyundoyo. Misomali inalira pozuka. Atatukula chivundikiro, Naphiri anadzitseka pakamwa ndi chitenje kuti mfuu isatuluke.

Anali a Lemson ndithu, koma anawazindikira ndi mphumi yokha. Chibwano chinali chitapotoka, diso limodzi litatsekeka ndi kutupa. M'manja monse munali mizere yakuya, yakuda. Anawaika m'bokosimo ndi malaya awo antchito omwe aja, osawasambitsa nkomwe.

"Achimwene," anatero Felton.

Naphiri anaviika nsonga ya chitenje m'kapu ya madzi, nkuyamba kupukuta nkhopeyo pang'onopang'ono, ngati akuopa kuwapweteka.

"Mwaona nonse," ananong'ona a Bauleni. "Tsopano khomera m'mabowo momwemo. Akabwera, simunaone kanthu."

Felton anatola msomali, nkuima. "Malume, nanga za nyumba zija simunandiyankhe."

A Bauleni anasuzumira pa kampata ka zenera. Kutali kunalira mfuti, kenaka inanso.

"Khomera, mphwanga."

Felton anawayang'ananso achimwene ake mpaka nkhopeyo inakhazikika m'mutu mwake, bala ndi bala. Kenaka anabwezera chivundikiro, nkukhoma.

Linali Lachinayi, pa 16 Ogasiti 1973.