Kumsana kwa Dalton Kimbrell

"Mudya, kapena ndichotse mbaleyi?" anafunsa Rochelle, ataima ndi ketulo ya khofi m'manja.

Lamont Prewitt anangoyang'ana mazira ndi nyama ya nkhumba zimene zinali zitazizira kale patebulo. Mwamuna wa thupi lolemera mapaundi mazana atatu akakana chakudya cham'mawa, mkazi wake sadikira dokotala kuti amuuze kuti zinthu zavuta.

"Mawa ndi Lachiwiri," anatero Lamont.

"Kalendala ndili nayo, bambo a Imani."

Lachiwiri lomaliza la Ogasiti ndi tsiku lodula anthu. Pa osewera 90 amene akhetsa thukuta m'kampu ya timu ya mpira wa ku America, amatsala 53, enawo amapita kwawo. Lamont anali ndi zaka 31 ndiponso bondo lolira pokwera masitepe. Ntchito yake inali kuima kumapeto a khoma la amuna asanu, kumanzere, kutchinga kumsana kwa kotabaki, mtsogoleri amene amalandira mpira ndi kuuponya. Kotabaki akamaponya saona zobwera kumbuyo kwake, amangokhulupirira munthu amene waima kumeneko.

Ndiye Loweruka, pa masewero omaliza oyeserera, mdani wina anadutsa pambali pa Lamont osakhudzidwa ndi chala chomwe, nakamugunda Dalton Kimbrell m'nthiti. Mpira unagwa, Dalton anagona pansi kanthawi, ndipo bwalo lonse linakuwiza Lamont.

"Dalton anandiuza yekha," anatero Lamont motsitsa mawu, ngati kuti makoma a khitchini ali ndi makutu. "Tikupangana, anandigwira paphewa. Akuti, msiye wakunjayo, thandiza m'kati, ndiponya msanga asanandipeze. Ine ndinalowa m'kati. Iye sanaponye."

"Ndiye mukawauze akochi lero."

"Wotchinga sagulitsa kotabaki wake. Ukatero, mbiri yako imafika kumatimu onse iwe usanatsike ndege. Palibe amene angakulembenso."

"Nanga akakudulani, alipo amene akulembeni ndi bondo limenelo?" Rochelle anaika ketulo pansi. "Mizinda isanu pa zaka zisanu ndi zitatu. Imani wayamba sukulu sabata yatha, wapeza mnzake woyamba. Makatoni aja sindimanganso ine. Chetechete sautsa nyama, bambo."

"Dalton anena yekha. Ndi mnyamata wabwino."

"Wakuimbirani foni chichokereni Loweruka?"

Lamont anatenga makiyi a galimoto, natuluka.

Chilimwe chonsecho mzinda wathu unkangokangana za anthu awiri. Pawailesi, m'malo ometera, pamzere wogula nthiti zowotcha, funso linali limodzi: timu imafuna mtsogoleri wamoto kapena wodekha? Wodekhayo anali Dalton, wazaka 25, mwana wokondedwa wa mwini timu. Sankakweza mawu, sankatukwana, ndipo atolankhani ankati mtima wake ndi wozizira ngati madzi a mumtsuko. Wamotoyo anali Hoyt Maddox, mkulu wa ku Oklahoma wofiira nkhope, amene anatsogolera timuyi zaka zambiri asanamukhazike pabenchi. Hoyt ankakugwira chipewa nakulalatira mpaka malovu kukuthira m'maso. Zaka zitatu Lamont anamutchinga kumsana, ndipo zaka zitatu zomwezo anapemphera kuti munthuyo achoke.

Anakumana ndi Dalton pakhonde lopita kuchipinda choonera kanema. Mnyamatayo ankayenda mosamala, dzanja lili pa nthiti.

"Zili bwanji nthitizo?" anafunsa Lamont.

"Sizinathyoke, mkulu. Sabata ya mawa ndikhala m'bwalo."

"Za Loweruka zija..."

"Usadandaule. Zonse zikhala bwino." Dalton anamwetulira, napitirira.

Lamont anaima pomwepo kufunafuna lonjezo m'mawu amenewo, koma sanalipeze. Kumbuyo kwake kunamveka munthu akulavulira makoko a mpendadzuwa m'kapu.

"Choka panjira, chigumula iwe," anatero Hoyt. "Anthu umawasiya adutse m'bwalo, koma pakhonde watseka ponse."

M'chipindamo anazimitsa magetsi. Kochi Brubaker anakhala kutsogolo ndi kanyali kake kofiira kolozera, ndipo osewera onse a mbali yoponya anadzaza mipando. Kanema wa ntchito alibe mawu. Amajambulidwa kuchokera pamwamba, anthu amaoneka ngati nyerere, ndipo chimene chinanenedwa popangana sichimveka. Atafika pa sewero lija, kochi analiyendetsa, nalibweza, naliyendetsanso mpaka kanayi. Kanayi konse Lamont anadziona akulowa m'kati, mdani akudutsa, Dalton akupindika. Kadontho kofiira kanadzaima pamsana pake.

"Prewitt, unkapita kuti?"

Anzake a Lamont anayi a pakhoma anali atakhala naye mzere umodzi, maso ali kutsogolo, makutu ali kwa iye.

"Ndinalakwa ndine, akochi."

Ndilo yankho la ntchitoyi. Wotchinga amanena zimenezo, kenako kotabaki wabwino amakweza dzanja nanena kuti, ayi akochi, ameneyo ndinamutuma ndine. Aliyense amasenza mbali yake, nkhani imatha. Lamont anadikira dzanjalo.

"Kimbrell, uli ndi mawu?" anafunsa kochi.

"Tonse tili ndi zoti tikonze, akochi," anayankha Dalton, mawu ake osalala ngati akuwerenga m'tchalitchi. "Ndi masewero a tonse. Tiphunzirapo."

Kochi analemba kanthu m'kabuku kake. Lamont anamva kulira kwa cholembera papepala, ndipo anaona makatoni ali m'galaja, anaona nkhope ya Imani.

Kapu ya makoko ya Hoyt inauluka, nikaphulika pakhoma pafupi ndi kanema.

"Bwezani kumbuyo," anatero Hoyt, ataimirira. "Ayi, osati pamenepo. Pamene akupangana. Onani dzanja la mnyamatayo. Lili paphewa la ndani?"

"Maddox, khala pansi."

"Chimunthu ichi ndachitukwana zaka zitatu, akochi, ndikuchidziwa kuposa mkazi wake. Ndi chaulesi, phazi lamanzere limachedwa, chimapuma ngati thirakitala. Koma kulowa m'kati chosatumidwa? Nzeru zoganiza chokha chinazitenga kuti?"

Wina anayamba kuseka, nameza chisekocho. Hoyt anatembenukira kwa Dalton, mitsempha ya m'khosi itatupa.

"Nena, mwana iwe. Unamuuza kuti amusiye, kenako unagwira mpira ngati khanda."

"Hoyt, ano si malo ake," anatero Dalton osatembenuka n'komwe.

"Malo ake ndi kuti? Mawa, akamalongedza? Ine ndimalalata, inde, koma munthu wanga amadziwa pamene ndaima. Iwe umamwetulira munthu akumira." Analoza kochi ndi chala. "Nanunso mwaliona dzanjalo, musanamizire. Kungoti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukuopa ofesi ya pamwamba."

Kochi amalola zambiri, koma salola kutchedwa wamantha pamaso pa anthu ake.

"Tuluka," anatero Brubaker.

Hoyt anafika pachitseko, naima atagwira chogwirira. Kochi anatembenuza mpando, nayang'ana Lamont mumdimamo.

"Prewitt, ndikufunsanso kamodzi. Anakutuma?"

Mawu anali okonzeka pakamwa, mawu amodzi okha. Lamont anayang'ana Dalton, amene ankaonetsetsa kanema woimitsidwayo modekha. Mnyamata ameneyu akhala pano zaka khumi, anaganiza choncho, ndipo mwini timu amadya naye. Anayang'ananso Hoyt pachitseko, nkhalamba ya pabenchi imene inali itangodziwotchera nyumba. Anaopa onse awiri, koma anadziwa amene angamupweteke.

"Ndinalakwa ndine, akochi."

Chitseko chinatsekeka pang'onopang'ono, chosamenyetsedwa.

Lachiwiri Lamont anafika m'mamawa. Ena amabisala m'chimbudzi tsiku limeneli, ena amazimitsa foni, ngati kuti zimathandiza. Lamont anakhala pampando wake m'chipinda chovalira, kutsogolo kwa kabati yolembedwa dzina lake, atavala nsapato imodzi. Panalibe nyimbo, panalibe wosereula mnzake. Onse ankadikira bambo Tillman.

Masiku ena onse bambo Tillman anali nkhalamba yaulemu yokonza za maulendo. Tsiku ili lokha osewera ankawatcha Kadzidzi. Ankalowa ndi pepala m'manja, n'kuima pambali pa munthu, n'kunena mawu omwewo chaka ndi chaka: akochi akukufuna, utenge tabuleti yako. Tabuletiyo ndiyo imasunga masewero onse a timu, ndipo ukaibweza ndiye kuti zako zatha.

Bambo Tillman analowa kasanu ndi kawiri isanakwane teni koloko. Ulendo uliwonse, akatengedwa wina, Lamont ankamva mpumulo wochititsa manyazi. Kadzidzi anatenga mnyamata wa ku Alabama amene mkazi wake anali woyembekezera. Anatenga wina amene anali pakati pa kutsuka mano.

Ulendo wachisanu ndi chitatu nkhalambayo inakhotera mumzere wa Lamont. Nsapato zake zinkalira pang'ono pasimenti. Inadutsa kabati yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Lamont anapezeka atagwira kale tabuleti yake, chala chili chozizira pagalasi. Bambo Tillman anafika pa iye, anamuyang'ana, anagwedeza mutu ngati moni, napitirira mpaka pakona.

"Bambo Maddox, akochi akukufunani. Mutenge tabuleti yanu."

"Mwachedwa, a Kadzidzi," anatero Hoyt. "Ndakhala ndikukudikirani chichokereni seveni."

Anabwerako patapita mphindi khumi. Odulidwa sapatsidwa sutikesi, amapatsidwa thumba lakuda la zinyalala. Hoyt analitambasula nayamba kuponyamo nsapato, zithunzi za ana ake, mapaketi a mpendadzuwa, zinthu za zaka khumi ndi chimodzi. Anthu anayang'ana pansi, monga mwa mwambo wa tsikuli. Lamont anaimirira ndi nsapato yake imodziyo, napita kukaima pambali pake.

"Mkulu," anatero.

Anadikira kutukwanidwa. Anakufuna kutukwanako, akanakulandira ndi manja awiri: chigumula, thirakitala, wamantha, chilichonse. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo Lamont anali atazindikira zimenezo tsiku limodzi mochedwa.

Hoyt anamanga thumbalo pakamwa, naliponya paphewa. Anamuyang'ana Lamont ndi nkhope yopanda mkwiyo, monga mmene umayang'anira munthu wokhala naye pafupi m'basi.

"Zabwino zonse, a Prewitt," anatero mofatsa, natuluka.

Folo koloko itakwana, bambo Tillman anapinda pepala lawo naliika m'thumba. Kochi Brubaker anadutsa m'chipindamo akugwirana chanza ndi otsala. Atafika pa Lamont anatsitsa mawu.

"Dzanja lija ndinaliona Lamlungu lomwe, ndisanakufunse. Ndimafuna munthu wodziwa kutseka pakamwa kumsana kwa mnyamata uja. Ukonze phazi lamanzerelo."

Lamont anakaimbira foni panja, pamalo oimika magalimoto, pamene phula linkatentha mpaka kudutsa m'nsapato. Malo a galimoto ya Hoyt anali opanda kanthu.

"Tatsala," anatero.

Rochelle anapuma mwamphamvu, ndipo anamumva akukhala pansi. "Ambuye alemekezeke. Ndiye munalankhula?"

"Ayi."

"Dalton ananena yekha?"

"Ayi. Analankhula wina."

"Ndani?"

"Ndikuuza ndikafika."

Anadula foni. Dalton ankatuluka m'nyumbamo ndi chikwama chake, woyera, wopesa bwino, akuyenda mosamala chifukwa cha nthiti zija. Anapatuka nadzamugwira Lamont paphewa.

"Ndinakuuza kuti zonse zikhala bwino, mkulu. Chaka chino ndikudalira iwe."

"Inde," anatero Lamont.

Anamuyang'ana akupita ku galimoto yake, msana wowongoka umene anayenera kuutchinga mpaka Januwale. Pa zaka zonse za ntchito yake Lamont ankaopa amuna obwera kutsogolo kwake, amene ankawaona ndi maso. Tsopano ankaopa amene aima kumbuyo kwake, ndipo panalibenso wina m'timumo woti adzaimirire.