Phulusa la Ndaziona

Ndinalota achimwene anga a Yobe akuumba mabuloko m'chipinda changa chogona, dzuwa lili m'katimo, pansi pa denga. Lonjezo, mwana wanga wakhanda, anali kumsana. Ndinkangomugwiragwira kaphazi kuti ndimve ngati akadali wofunda.

Achimwene anati simenti yachepa, awonjezera phulusa la zitsononkho monga amachitira kuntchito kwawo. Ndinafunsa ngati khoma lotero silingagwe. Anatsegula pakamwa, n'kutuluka mchenga wokhawokha.

Wosefa phulusalo anali Ndaziona, mwana wanga woyamba, amene khoma la zidina linamugwera mvula ya chaka chatha. Anavala diresi lomwe tinamuika nalo m'manda. Sefa inali yaikulu kuposa iye, koma ankaigwedeza bwinobwino, timakala n'kumataya pambali.

Phulusalo ndinalizindikira. Zitsononkho zimene tinasungira ntchitoyi ndi zomwe anthu anawotha pa maliro ake nkhuni zitatha. Phulusa la moto wa maliro amakalitaya kutali tsiku losesa, koma achimwene ataona kuti lapsa mpaka kuyera, anadandaula nalo, n'kuliwolera m'thumba. Thumbalo ine sindinkafuna ngakhale kulidutsa pafupi.

Khoma linkakwera lokha. Mabuloko ankapempha madzi mwaulemu, limodzilimodzi, ine n'kumawathirira. Ndikagogoda lina, linkandiuza kuti likadali laliwisi, ndidikire, phulusa silifulumira. Pakhomo panali pataima mvula, yaitali ngati munthu wamkulu, manja kumbuyo, kudikira kuti ilowe.

Panatsala bowo limodzi, pamutu penipeni pa mphasa ya Lonjezo. Simenti inali itatha, phulusanso litatha. Ndaziona anaika sefa pansi, anavula nsapato zake n'kuzindandalika pafupi ndi chitseko, kenako analowa m'chikombole n'kupinda mawondo.

"Amayi, tsenderani," anatero. "Ine ndimadziwa mmene khoma limagwera. Ili ndiligwira."

Ndinamuuza kuti atuluke msanga, kuti khoma limodzi lija linamukwana, kuti tigula simenti ina. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndikamunamiza kuti jekeseni sapweteka.

"Nanga Lonjezo agona pati?"

Mvula ija inati odi. Palibe anaiyankha, koma inalowetsa phazi limodzi. Ndinagwira kumsana, kaphazi kaja kanali katayamba kuzizira. Achimwene anandipatsa chotsendera ndi manja awiri, atagwada. Chinali chopepuka ngati supuni ya phala. Ndaziona anadzikonza diresi kuti lisakwinyike, n'kutsinzina.

Ndinakweza dzanja.

Ndinadzidzimuka ndili pamphasa, masana, Lonjezo akuyamwa, thukuta lili pamphumi pake. Ndinamugwira mapazi onse awiri. Panja fosholo inkakanda mchenga, ndipo kumwera mitambo inali itada.

Achimwene anafika pazenera. Anati mvula ili pafupi ndipo phulusa lina kulibe, ndiye amafunsa ngati ndalola kuti amasule thumba lija.

Anaitananso kuti, "Mlongo?"

"Masulani," ndinatero. "Koma potsendera, muzitsendera pang'onopang'ono."