Paipi ya a Njobvu

Tandiyankhani: ndi ziweto zanji zopanda khola, zopanda mchila, zodya poizoni n'kumanenepa? Mwalephela. Amai Bernadette a ku Luembe nawonso sankazidziwa, mpaka tsiku limene Yvonne, mtsikana wa ku ofesi ya madzi ku Nyimba, anamanga chingwe choletsa kutunga pa chitsime chao.

Anaviika kapepala m'madzi, kanafiila ngati tomato. "Feteleza walowa pansi, amai, ndi mankhwala otsukila mainjini a pa galaji paja. Kakapanda kuyela pofika dzinja, titseka ndi simenti."

Chitsime chokumba malemu amuna ao! 

"Koma m'dothi muli tizilombo tosaoneka, timadya zimenezi," anatelo Yvonne. "Tizilomboto tili ndi njala chabe. Tidyetseni manyuchi a nzimbe."

Anakhoma mapaipi atatu othilamo manyuchiwo m'munda wa kumtunda kwa chitsime. Imodzi ya amai Bernadette, ina ya Virginia mpongozi wao, yachitatu analanda a Whiteson Njobvu, aja amati anaweta ng'ombe mazana, ngakhale palibe anaonapo ndowe.

A Njobvu anatenga chigubu chao cha manyuchi, osapondanso kumundako. Mudzi unangomva kuti kachasu wao wakoma chaka chino. Amai Bernadette sanakangane nao. Loweluka lililonse ankagawa manyuchi ao pawili, kupalila paipi ya a Njobvu, n'kuthila.

"Idyani ana amasiye inu, atate anu ali busy," ankatelo.

Mvula ili pafupi, Yvonne anabwela, naviika. Kapepala mbee! Anatumiza botolo ku Lusaka, yankho n'lomwelo. Tsiku lomasula chingwe, nthungululu. Amai Bernadette anamwa makapu awili, yachitatu anadzithila kumutu.

Apo a Njobvu atulukila ndi jekete. "Tizilombo tanga tija ndi tamphamvu! Timandidziwa ndi mau. Ndikatsokomola chabe, tonse tili pamzele."

"Alamu, tipelekezeni tikationele," anatelo amai Bernadette.

A Njobvu anatsogola, khamu pambuyo. Kumanzele, iyai, kumanja. Thukuta kamukamu. Mwamwai anaona paipi itatulukila m'udzu, kuseli kwa nthochi. Anagwada, natsokomola, naika mphuno.

"Ana anga, mwauka bwanji?"

Anadzambatuka atagwila mphuno, maso ali misozi.

"Atate," anatelo Virginia, atagwila nthiti, "imeneyo ndi paipi ya chimbudzi chakale cha sukulu."

Yvonne anachita kukhala pansi ndi phwete.