Kaseti Yomaliza ya Bambo

Mwana wamkazi anali akupinda mashati a malemu bambo ake pamene bambo aang'ono analowa m'chipindamo osaodira n'komwe. Panali patadutsa masiku anayi chiikireni maliro. Iwowa ndi amene ankaimba ng'oma m'bandi ya malemuyo kwa zaka makumi awiri, ndipo anadzera chinthu chimodzi basi: kaseti yomaliza imene anajambula awiriwo m'galaja. Anati a ku wailesi akuifuna, kuti anthu amve mmene mkulu wawo ankasakanizira nyimbo za chamba cha kantiri ndi cha roko, mawu achisoni pamwamba, gitala yamagetsi ikubangula pansi pake.

Mayi a mwanayo, atakhala pamphepete pa bedi, anakanitsitsa. Anati bandiyo inawalanda mwamuna akadali moyo. Okonda kantiri ankamunena kuti ndi waphokoso, a roko ankamuseka kuti ndi nkhalamba yolira maliro, iye n'kumabwera kunyumba mtima uli zii, osafuna ngakhale kudya. Lero awapatsenso mawu ake?

"Alamu, nyimbozo si zanu nokha," anatero bambo aang'ono.

"Nanga eni akewo munawaonako kumanda?"

Mwanayo anasowa woti amuikire kumbuyo. Mutu unali utamulemera ndi kulira kwa masiku onsewa. Anatsegula dilowa, n'kutulutsa kasetiyo, nati ayambe aimvera kaye asanakanganirane chinthu chimene sanachimve.

Ataiika m'choimbira makaseti, zinayamba ng'oma, kenako gitala, kenako mawu a bambo ake, osasa pang'ono monga ankamvekera m'mawa. Mayi anatembenukira kukhoma. Nyimbo itafika pakati, gitala inaduka mwadzidzidzi. Kunamveka mpando ukukhwekhwerezedwa, kenako mawu a malemuyo, akunong'ona pafupi kwambiri.

"Mphwanga, ika ndodozo pansi, uziomba ndi zala. Mayi a mwana angogona kumene, mutu ukuwawawa."

Chingwe chamagetsi chinazulidwa. Anapitiriza nyimbo yomweyo pa gitala yopanda moto, nsambo zikungoti tsetetsete, mawu ali pansipansi.

Bambo aang'ono anawerama, n'kunena kuti tsikulo anali ataliiwala. Za ku wailesi sanazitchulenso. Mwanayo anangoima, shati ili m'manja, ataiwala kuti amaipinda.

Mayi anasendera pafupi, natambasula dzanja, n'kukweza mawu a kasetiyo mpaka pothera. Komabe zinkamveka movutikira, moti anachita kugunditsa khutu pasipika.