Kuzira ku Jebel Ali

Tsiku limene ndinkakwera ndege ku Lumbadzi ndinalumbira chinthu chimodzi: dzanja langa silidzalowanso m'matope. Ndinalumbira pamaso pa mayi anga, iwo n'kungoseka. Ndakhala ndikuzira kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mayi ndi a ku Angonia. Nkhondo ya ku Mozambique inawathamangitsira ku Lizulu, kumene anakumana ndi bambo, ndipo itatha, bambo atatisiya kale, anabwerera kwawo ine ndili kumsana n'kupeza mitengo ya mango yokha. A mabungwe anawapatsa lona ndi mapoto awiri. Lonayo inang'ambika mvula yoyamba. Nyumba imene mayi anamanga ndi manja awo ikadali chilili chifukwa chaka ndi chaka inkaziridwa, ndipo wozira wake ndinali ine. Choncho nditapeza ntchito yokolopa ku Dubai, kumene ngakhale chimbudzi ndi cha matailosi, ndinati ndapulumuka.

Kampani yathu yokolopa ili ndi lamulo: makalata atatu a chenjezo, wakwera ndege. Ine ndinali nawo awiri kale. Yoyamba ndinaipeza chifukwa basi ya ku Sonapur, kumene timagona, inandisiya. Yachiwiri chifukwa ndinayankha mayi wina wa mu ofesi amene ankafuna nditsuke kapu imodzi katatu. Pakamwa panga ndimapadziwa ndekha, sipachedwa. Kontirakiti yanga inkatha mwezi womwewo wa Febuluwale, ndipo ndinkafuna zaka zina ziwiri kuti ndikawaikire mayi simenti pansi, nkhani yozira ithe m'banja mwathu.

Lamlungu m'mawa a Matildah, supavaiza wathu wa ku Chipata, anandisiya pa bwalo lina lampanda ku Jebel Ali.

"Iwe Dainess, mailo Lolemba kubwera alendo akuluakulu," anatero. "Nyumba iyo ikhale redi. Nikapeza fumbi olo pang'ono, khalas, zako zatha, kalata yachitatu. Wamvera?"

Ndinamva. Ndinatembenuka kuti ndione nyumbayo, ndipo tsache linangotsala pang'ono kundigwa m'manja. Pakati pa bwalo, kuseri kwake kukuoneka nsanja za magalasi, panali nyumba yadothi. Zipinda ziwiri, balaza, khonde, malata pamwamba ndi sola. Ndinayenda ulendo wonsewo kudzapeza nyumba ya mayi anga ikundidikira.

Mlonda wa pageti anali a Potiphar a ku Balaka, bambo wodziwa zonse zochitika pamalopo ngakhale palibe amene amawauza. Iwo ndiwo anandifotokozera. Mwini kampani ya pabwalopo, Bwana Derrick, anali katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo ankafuna kugulitsa nyumba zoterezi ku maiko amene nkhondo yangotha. Zidutswa za nyumba zophulitsidwa amazipera, n'kusakaniza ndi dothi la komweko, n'kutsendera m'matabwa. Simenti pang'ono, mitengo sadula, m'kati mozizira popanda makina. Alendo a mawa anali a boma la dziko lina lotero ndi a mabungwe.

"Ndiye mwati azungu atulukira nyumba yadothi?" ndinafunsa.

"Chemwali, musaseke. Anthu awerenga zaka zisanu ndi ziwiri kuti afike pamenepa."

Chilungamo chake, nyumbayo inali yabwino. Makoma ochindikala, owongoka kuposa athu, ali mizeremizere, wofiira, wachikasu, wotuwa, monga mmene anatsenderera dothilo. Koma sanazire. Khoma linali lokhakhala, ming'alu ing'onoing'ono ili mbwee m'munsi mwa mazenera, ndipo ukangolikhudza linkayoyoka. A Potiphar anati pali mankhwala opopera amene amagwira khomalo, koma migolo yake inali isanatuluke kudoko.

Ndinasesa. Pofika pakhomo, kumbuyo kwanga fumbi linali litagwanso. Ndinasesa kachiwiri, n'kukolopa ndi mopu, pansi n'kusanduka phala. Ndinadikira kuti paume, ndinasesa kachitatu, galimoto yaikulu inadutsa pamsewu, khoma n'kuyetsemulanso. Mtima unandiwawa. Munthu wamanga nyumba ya dothi, wailekeza panjira, ndiye ine ndichotsedwe ntchito chifukwa dothi lake likuchita zimene dothi limachita? Ndinakhala pakhonde ndikuona kalata yachitatu m'maso mwangamu.

Kuseri kwa nyumba kunali mulu wa dothi lotsala kwa amisiri. Sindinapite kumeneko ndi cholinga. Ndinangotapa pang'ono, n'kufikisa pakati pa zala, ndipo linali dothi labwino, lomata ngati katondo wa kwathu. Kumeneko ndi kumene lumbiro langa linafera. Kwathu mkazi amene akuyembekeza alendo, khoma lili ming'alu, safunsa munthu chochita. Ndinavula magolovesi, ndinasefa dothi ndi neti yotsala, ndinakanda m'ndowa yokolopera. Mwala wokulungizira ndinautola pa miyala yosalala imene anakongoletsera maluwa a pageti. Makala otsala pamene amisiri anawotcha nyama ndinawasinja, kuti ndipeze dothi lakuda la m'munsi.

A Potiphar anandipeza ndagwada, dzanja likuyenda pakhoma.

"Chemwali, anakuuzani kuti mutero?"

"Anandiuza kuti nyumba ikhale yokonzeka kulandira alendo."

Anayang'ana khomalo. "Zikukongola," anatero, n'kubwerera pageti msangamsanga ngati sanaone kanthu.

Ndinazira balaza lonse, pansi ndi makoma mpaka pamene dzanja limafika nditakwera pa mpando, chipinda chachikulu, ndi khoma la pakhonde. Ndinadutsa ndi mzere wakuda m'munsi, wowongoka osagwiritsa chingwe. Ndinakulungiza mpaka pansi panayamba kunyezimira. Kachipinda kakang'ono kokha ndi kamene kanatsala, basi itabwera faifi koloko. Msana unkapweteka, zikhadabo zinali zakuda, koma fumbi panalibe. Ndinakwera basi ndikudzimva kuti ndine munthu.

Lolemba eyiti koloko Bwana Derrick anafika, bambo wamtali wovala malaya oyera opanda kolala. Analowa m'nyumbamo akuimba mluzu. Mluzu unaduka. Anatuluka atafiira mpaka m'makutu, n'kuyamba kukuwa m'Chingerezi kuti mizere yake ili kuti. Milungu itatu, akuti, amisiri akutsendera dothi mtundu ndi mtundu, lina lochokera ku mapiri, kuti alendo adzaone kuti dothi limakongola. Zithunzi zonse za m'mabuku awo zinali za mizere imeneyo. Ndipo wina wabwera n'kupaka matope.

Matope. Anatero za ntchito yanga.

"Ndinangomalizitsa, bwana," ndinatero. "Munasiya osazira."

"Ndinasiya osatani?"

Mawu a Chingerezi a kuzira sindinawadziwe, ndipo ndikukaika ngati alipo. Ndinamusonyeza ndi dzanja m'malere, zimene zinangowonjezera moto. A Matildah anandikokera pambali n'kundivula kadi ya pakhosi.

"Nakuuza kupyanga fumbi, iwe wamanga nyumba," anatero mano ali gwa. "Khalas. Nkhala kuseri uko, osaonekera. Basi ikabwera uyende ukapakire vintu vako."

Kupala khomalo kunali kosatheka, alendo anali atanyamuka kale ku hotela. Ndinakhala kuseri pa ndowa yovundikira, pansi pa zenera la kachipinda kaja. Sindinalire. Ndinali ndi mantha, ndipo ndinakwiya, kukwiyira Derrick, a Matildah, mayi anga amene anandiphunzitsa, makamaka manja angawa.

Alendo analowa teni koloko, ndipo pazenera ndinkamva zonse. Bwana Derrick anayankhula bwino, nkhani za mpweya woipa, za kutentha, za makampani kugwirana manja ndi maboma. Mwanzeru zake anawadutsitsa pabalaza mofulumira n'kuwalowetsa m'kachipinda ka mizere. Amuna a masuti anayamikira. Kenaka kunamveka mawu a mayi, otsika, osathamanga. Ndinasuzumira. Anali mayi wachikulire wa mpango wotuwa, amene ena onse ankamupatsa njira. Anapukuta khoma la mizere ndi chikhatho, n'kuyang'ana chikhathocho.

"Likang'ambika amakonza ndani?" anafunsa.

Derrick anati mankhwala opopera aja amateteza, ndipo amisiri a kampani azibwera chaka chilichonse.

"Kumene anthu anga akubwerera, mlatho unaphulitsidwa," anatero mayiyo. "Galimoto imafika kawiri pachaka. Obwerera ambiri ndi akazi amasiye. Tinalandirapo nyumba za makampani ena, zokongola, ndipo bawuti imodzi ikathyoka timalembera kalata kunja."

Anatuluka m'kachipindamo. Ndinazungulira kukaima pafupi ndi khonde, poti munthu wochotsedwa ntchito kale saopanso supavaiza. Mayiyo anapukuta khoma la pabalaza, chikhatho n'kutuluka choyera. Anaweramira pafupi, n'kulowetsa zala zake m'tinjira timene zala zanga zinasiya.

"Izi ndi zala za mkazi," anatero. "Ali kuti?"

Ndakumana ndi anthu othamanga maganizo, koma Bwana Derrick ndi wina. Mpweya umodzi wokha. Kenaka anamwetulira n'kunena kuti mayi aona bwino, limeneli ndi gawo lachiwiri la pulani yawo, loti eni nyumba azisamala okha makoma ndi dothi la pakhomo pawo. Anati akhala akuliganizira kwa nthawi yaitali. A Potiphar pageti anatsokomola mpaka kugwira mpanda.

A Matildah anandiveka kadi ija mwachangu ngati mendulo n'kundikankhira m'kati. Mayi uja anapempha kuti ndimusonyeze. Ndinabweretsa ndowa ndi mwala wanga, n'kugwada m'kachipinda ka mizere, amuna khumi a masuti atandizungulira, n'kuyamba kufafaniza mizere yomaliza ya Bwana Derrick iye akugwedeza mutu movomereza. Mayiyo anavula mphete, anagwada pambali panga, n'kuviika dzanja m'ndowa.

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Mayi anga. Nkhondo itatha kwathu."

Tinazira limodzi kachigawo kakang'ono, iye akulakwitsa, ine ndikumukonza dzanja. Pamenepo mkwiyo unandichoka kanthawi, ndinamumvera chisoni, ndipo ndinawasowa mayi. Ponyamuka anauza Derrick kuti akambirana, nyumbazo zikabwera zopanda migolo ya mankhwala, ndiponso kampani ikalemba akazi a komweko kuti aphunzitsane.

Kalata yachitatu sinalembedwe. Kontirakiti anandiwonjezera zaka ziwiri, Bwana Derrick atapempha kuti ndizikhala pabwalo pake. Musaganize kuti anandikweza. Anamanga kakhoma kena panja, ndipo alendo akabwera ndimazira, akapita amisiri amapala, ena akabwera ndimaziranso. Katatu patsiku nthawi zina. Anandigulira chitenje kumsika wa ku Deira choti ndizivala pamwamba pa yunifolomu kuti zithunzi zizioneka bwino. M'buku lawo latsopano muli chithunzi cha dzanja langa likuzira kakhomako, tsamba lonse, ndi mawu akuti njira yatsopano ya kampani. Dzina langa mulibe. Ndinathawa matope a ulere n'kudzapeza matope a ma shifiti.

Chithunzicho a Potiphar anachiika pa foni, ndipo zinthu za pa foni zili ndi miyendo. Chinafika kwa mng'ono wanga Selinah ku Lilongwe, iye n'kukawasonyeza mayi atapita kukawaona. Loweruka masana, ndikusamba m'manja pa mpopi wa kuseri, uthenga wa mawu wochokera kwa mayi unalowa. Ndinadziwa kuti ndisekedwa, ndipo anayambadi ndi kuseka, kuseka kwautali mpaka kutsamwa.

"Dainess, ndege yonse ija unakwerera zimenezi? Si iwe unalumbira pa Lumbadzi?" Anapuma. "Koma madzi wachulutsa, mwana wanga. Ndaona pachithunzipo. Pakona pamenepo pang'ambika likauma."

Kenaka mawu anatsika.

"Ukamaliza ya eni akeyo, ya kuno ikudikira. Chaka chino sindinathe, chatha sindinathenso. Manja akukana, zala sizipinda. Khoma la kuchipinda kwako lija layamba kulowa dzuwa. Koma usadandaule, gwira ntchito. Ndamva akuwonjezera zaka ziwiri."

Ndinamvetsera kawiri. Kenaka ndinapita pa kakhoma kaja kukayang'ana pakona. Panali patang'ambika.

Pageti panaima basi ya alendo ena, ndipo a Matildah anayamba kuitana kuti yalla, ndifulumire, ndivale chitenje.